Cape Town mpaka Gqeberha m'masiku awiri: tiziima m'njira kapena tingolunjika?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene msewu wa N2 ku South Africa mumaudziwa. Mlongo wanga akukwatira ku Gqeberha (mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth) Loweruka loyamba la Ogasiti. Ife titsikira ku Cape Town Lachitatu usiku, ndipo tagwirizana zotenga galimoto ya hayala Lachinayi m'mawa n'kukaisiya ku Gqeberha. Tilipo anayi: ine, bambo akunyumba, mayi anga a zaka 71 amene maondo amawavuta, ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 14. Woyendetsa ndi mmodzi yekha, bambowo.

Pamene tasiyana ndi apa. Iwo akuti tinyamuke m'mamawa, tidule mtunda wonse tsiku limodzi, kuti Lachisanu tipume ndi kuthandiza zokonzekera ukwati. Ine ndikuti njira imeneyi anthu amachokera kutali kudzangoiona, ndiye ife tiidutse ngati tikuthawa? Ndikufuna tigone m'njira, tione malo angapo, tikafike Lachisanu madzulo. Kodi masiku awiri n'kuonapo kanthu, kapena tingodzitopetsa?

Thoko wa ku Cape:
Achemwali, mtundawo ndi makilomita pafupifupi 750. Mapu a pafoni akuuzani maola 8 ndi pang'ono, koma amenewo ndi a munthu wosaima, wosakumana ndi thiraki pachikweza, wosadikira pamaloboti a ku Knysna. N2 imadutsa m'kati mwenimweni mwa tauni ya Knysna, ndipo ku Wilderness ndi ku Sedgefield liwiro amalitsitsa kwambiri. Werengerani maola 10 ngati muli ndi amayi achikulire. Komanso Ogasiti kuno ndi nyengo yozizira ndi yamvula. Kumayambiriro kwa mweziwo dzuwa limatuluka cha m'ma hafu pasiti 7, ndipo ku Gqeberha limalowa 6 koloko isanakwane. Kuwala muli nako kochepa.

Bambo a Yamikani:
Ine ntchito yanga ndi ya mathiraki, ndiye ndilankhula za woyendetsa chifukwa pankhani zoterezi amaiwalika. Mlamu wathuyo atsika ndege usiku, agona pabedi lachilendo, m'mawa agwira galimoto yomwe sanaiyendetsepo, pamsewu womwe sakuudziwa. Kenako maola 10 pachiongolero yekha? Ayi ndithu, zimenezo ndikukana. Tulo ta pamsewu sitibwera ndi chenjezo, timangokuba masekondi awiri, ndipo pa liwiro la 120 masekondi awiri galimoto imakhala yayenda mamita opitirira 60. Ulendowu muugawe pawiri, kaya muona malo kaya simuona.

Koma mayi Nachisale, musasangalale msanga, chifukwa inunso ndikutsutsani. Kuima kopuma ndi kuima kokaona malo n'zosiyana. Kopuma, woyendetsa amawongola msana, amamwa madzi, amatseka maso mphindi khumi. Kokaona malo, woyendetsa ndi amene amafunafuna popatukira, poimika galimoto, n'kumayenda wapansi, kenako kubwerera pachiongolero atatopa kuposa poyamba. Malo asanu patsiku ndi ntchito zisanu zoonjezera kwa munthu mmodzi.

Chisomo99:
Aaa, ankolo mukuwaopseza! Anti, imani paliponse. Mapengwini ku Betty's Bay, anamgumi ku Hermanus, Cape Agulhas, nthiwatiwa ndi mapanga a Cango ku Oudtshoorn, Knysna, phiri lolowa m'nyanja la Robberg, mlatho wa Bloukrans wa mamita 216 kumene anthu amadumpha atamangidwa chingwe kumiyendo, Tsitsikamma, Jeffreys Bay. Mudzabwerakonso liti?

Thoko wa ku Cape:
Chisomo, zimene watchulazo ndi za sabata yathunthu. Oudtshoorn yokha ili makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku George, kukwera phiri la Outeniqua, ndipo mapangawo ali makilomita ena 30 kutsogolo. Mumalowa ndi wolondolera pa nthawi zoikika, ndipo muli masitepe. Kupita ndi kubwera theka la tsiku latha, agogo atakhala m'galimoto kudikira.

Mayi a Mapasa:
Ndikufuna ndifunse funso limene palibe walifunsa. Nachisale, amayi anuwo akuti chiyani? Tikukambirana za maondo awo ngati ndi katundu woti tiwerengere kulemera kwake, koma iwo ali ndi chimene akufuna kuona. Mwananso wa zaka 14 ali ndi chake. Ine ndinayendapo ndi apongozi anga ulendo wofanana ndi umenewu kudziko lina, ndipo chimene ndinaona n'choti munthu wamkulu satopa ndi mtunda kwenikweni, amatopa ndi kukwera ndi kutsika. Kutsika kulikonse ndi kuwongola bondo, kuvala juzi, kufunafuna chimbudzi, kuyenda pang'onopang'ono pamene enanu mwatsogola. Malo amene mukuti "tingoima mphindi khumi" ndi iwo amakhala mphindi 40. Bola kuima kawiri malo abwino n'kukhalitsa, kusiyana ndi kuima kasanu ndi kawiri mothamanga. Komanso asakhale maola atatu mwendo uli wopinda, mapazi amatupa. Mpando wakutsogolo ukhale wawo.

Nachisale:
Zikomo mayi a Mapasa, ndawaimbira pompano. Akuti zambirizo sakuzidziwa, koma ngati kuli koona kuti munthu angaone namgumi ataima pamtunda, iwo akufuna amuone ndi maso awo, chifukwa nkhani ya Yona akhala akuiphunzitsa ana kutchalitchi moyo wawo wonse. Mwanayo akufuna mlatho wa anthu odumpha aja, kungoonerera, osati kudumpha.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga Nachisale, amayi ako ayankha bwino, ndipo nyengo yakukomerani. Anamgumi amabwera m'magombe amenewo kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, kuchokera kumadzi ozizira akummwera, kudzabereka ndi kulera ana m'malo obisika kumafunde. Ogasiti ali m'kati mwa nyengoyo.

Koma ndilole ndiikire kumbuyo malo awiri amene achinyamata amawadumpha. Oyamba ndi Mossel Bay. Pamenepo ndi pamene Bartolomeu Dias, Mpwitikizi uja, anakocheza mu Febuluwale 1488 atazungulira kunsi kwa Africa osadziwa kuti wazungulira. Anakumana ndi abusa a ng'ombe a mtundu wa Khoikhoi pakasupe wa madzi, ndipo kukumanako kunatha ndi imfa ya mmodzi wa eni dzikowo. Zambiri zimene zinadzachitikira chigawo chathu chino cha Africa zinayambira pagombe limenelo. Pali nyumba yosungiramo zakale, ndipo m'kati mwake muli chombo chopangidwa mofanana ndi cha Dias, chimene chinayenda panyanja kuchokera ku Portugal n'kufika mu 1988 pokumbukira zaka 500. Mwana wa zaka 14 akaima pafupi ndi chombo chimenecho n'kuona kuchepa kwake, phunziro la mbiri limene amaloweza kusukulu lisanduka chinthu chogwirika. Panja pali mtengo wakale umene amalinyero ankasiyapo makalata cha m'ma 1500, ndipo mpaka lero munthu angathe kuponyapo kalata.

Achiwiri ndi Cape Agulhas. Anthu ambiri amaganiza kuti mathero a Africa kummwera ndi Cape Point pafupi ndi Cape Town. Si choncho. Ndi Agulhas, ndipo ndi pamene analemba malire a nyanja ya Atlantic ndi ya Indian. Nsanja ya nyali yotsogolera zombo inayamba kuwala pamenepo mu 1849. Munthu wa mu Africa kuima pamene Africa wathera, ine ndimaona kuti n'chinthu.

Bambo a Yamikani:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, Agulhas ndi imene ingaphe ulendowu. Mossel Bay ndikuvomera chifukwa ili pamsewu, mumangotsika pang'ono kulowa m'tauni. Koma Agulhas muyenera kusiya N2 pa Caledon, kupita ku Bredasdorp, kutsika mpaka kunyanja, kubwereranso ku Bredasdorp, n'kukatulukira ku Swellendam. Makilomita owonjezera ndi pafupifupi 100, pamisewu yaing'ono. Ndi kuima komwe, maola atatu apita. Akaphatikiza ndi Hermanus, mdima uwapeza asanafike n'komwe ku Mossel Bay.

Aphunzitsi Opuma:
Masamu anu ndi olondola, sindikutsutsa. Ndingoti asankhe chimodzi pa ziwirizo akudziwa chimene akusiya. Namgumi ndi nyama, angaoneke kapena osaoneka. Mwala wa ku Agulhas suchoka.

Namondwe:
Ine maganizo anga ndi osiyana ndi nonse. Mwapitira ukwati, simunapitire kukaona malo. Kwerani ndege ya Cape Town kupita ku Gqeberha, ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, mukafike Lachinayi masana muli ndi mphamvu. Mlongo wa mkwati ndi mayi a mkwati kufika Lachisanu usiku, ukwati uli m'mawa mwake? Bwanji tayala likaphulika, bwanji msewu ukatsekedwa ndi ngozi? Galimoto ya hayala yokaisiya mzinda wina amalipiritsanso ndalama yapadera. Zoona malo zisiyeni, mudzabwere mwadongosolo.

Chisomo99:
"Mudzabwere mwadongosolo" ndi mawu amene anthu amanena n'kukalamba osabwerako. Agogowo ali ndi zaka 71.

Namondwe:
N'chifukwa chake ndikuti asawatopetse tsiku la mwana wawo lisanafike. Ukwati ndi tsiku lalitali, akaimirira, akajambulitsa, akalandira alendo. Akafike miyendo itatupa chifukwa cha zithunzi za pa Facebook?

Nachisale:
Achimwene a Namondwe, nkhawa yanu ndaimva ndipo ndi yomwe bambo akunyumba ali nayo. Koma zithunzi si cholinga changa. Mayi anga anatilera okha, ndipo ulendo uno ndi woyamba kuti atuluke kunja kwa dziko. Sindikufuna kuti chimene adzakumbukire cha South Africa chikhale mabwalo a ndege awiri ndi holo ya ukwati. Zokonzekera zili m'manja mwa akuchikazi ndi komiti, ife atiuza kuti tikafika Lachisanu dzuwa lisanalowe palibe vuto.

Namondwe:
Pepani achemwali ngati mawu a zithunzi aja akupwetekani. Ngati eni ukwati avomera, ine ndingotsindika chimodzi: Lachisanu lisakhale tsiku la mtunda wautali. Dulani gawo lalikulu Lachinayi, kuti chikachitika china Lachisanu mukhale ndi maola osungira.

Thoko wa ku Cape:
Apa Namondwe wanena zoona, ndipo ndi pamene nkhani yonse yagona. Achemwali, lekani kufunsa kuti "tiime kapena tisaime". Funsani kuti malowo ali pamsewu kapena ndi opatukira. Msewu umenewu uli ndi mwayi woti zokongola zambiri zili m'mbali mwake momwemo. Mukangotuluka mu Cape Town mukwera Sir Lowry's Pass, ndipo pamwamba pali poimika galimoto pomwe mumaona gombe lonse la False Bay kumbuyo kwanu. Mukadutsa George, msewu umatsetsereka pamtsinje wa Kaaimans, ndipo pali malo otchedwa Dolphin Point pomwe mumaona gombe lalitali la Wilderness ndi mlatho wakale wa sitima. Sitimayo inasiya kudutsa pamenepo madzi osefukira atawononga njanji mu 2006. Bloukrans nayo N2 imadutsa pamwamba pa mlathowo, mumangopatuka pang'ono kupita pamalo oonerera. Pamlatho wa Storms River pali pomwetsera mafuta, zimbudzi ndi poonera chigwembe, zonse malo amodzi. Malo anayi amenewa sakuwonongerani ngakhale makilomita khumi, ndipo amagwera pomwe woyendetsa amafunika kupuma kale.

Opatukira ndi Hermanus, Agulhas, Oudtshoorn, Robberg ndi pamathiriro a Storms River. Pa amenewa sankhani amodzi Lachinayi, ndipo Lachisanu amodzi aafupi kapena osasankha n'komwe. Poti amayi anena kale za namgumi, Lachinayi ndi la Hermanus. Ubwino wake simubwerera njira yomwe mwadzera. Mupatuka pa Bot River kulowa R43, mukatha ku Hermanus mupitirira ku Stanford, mutenga R326, n'kukalowanso N2 pafupi ndi Riviersonderend. Ku Hermanus matanthwe oonera ali m'tauni momwemo, pali mabenchi, amayi sayenda mtunda. Kulinso munthu amene ntchito yake ndi kuliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja pouza anthu kumene anamgumi aonekera.

Mayi a Mapasa:
Ndipo mukafika pamenepo musayang'ane wotchi mphindi iliyonse. Namgumi amafuna kudikira. Munthu amakhala pansi, maso panyanja, kenako amaona utsi wa madzi, kenako msana wakuda. Mukapatsa malowo mphindi 20 mubwerako opanda kanthu n'kumati kunalibe. Apatseni ola ndi theka.

Bambo a Dalo:
Moni akuluakulu. Ine ndine woyendetsa amene mukumukambayu, mayi akunyumba andilowetsa pagulu kuti ndidziwerengere ndekha. Ndathokoza bambo a Yamikani pondilankhulira. Chimene ndimaopa si kuyendetsa masana, koma usiku pamsewu wachilendo mvula ikugwa, ndili ndi apongozi m'galimoto. Maganizo anga oyenda tsiku limodzi anali oti ndithane nazo. Koma ndikawerenga za dzuwa kutuluka mochedwa ndi kulowa msanga, ndikuona kuti tsiku limodzilo likanathera mumdima womwe ndikuuthawawo. Ndiye kugona m'njira ndavomera. Funso langa ndi loti tigone pati, ndipo pamsewupo pali zotani zimene mlendo ayenera kudziwa?

Bambo a Yamikani:
Takulandirani mlamu. Za msewu ndi izi. Mbali yoyendera ndi yakumanzere. Malo ambiri N2 ndi msewu wa mizere iwiri yokha, wina wopita wina wobwera, wokhala ndi mzere wachikasu m'mbali. Mudzaona galimoto yoyenda pang'onopang'ono ikulowa kuseri kwa mzere wachikasuwo kuti mudutse, ndipo mukadutsa mumaphethiritsa mahazadi kawiri kuthokoza. Inunso ena adzakuyandikirani kumbuyo kufuna muwapatse mpata. Musakakamizike. Lowani kuchikasu pokhapokha kuli kowala ndipo mukuona patali kuti kulibe munthu, njinga kapena galimoto yoima. Pakona kapena pachitunda musayerekeze.

Makamera a liwiro ndi ambiri polowa m'matauni, ndipo chindapusa chimakutsatirani kudzera ku kampani ya galimoto, imene imawonjezerapo yake. Pomwetsa mafuta simudzithirira nokha, alipo anthu ake, ndipo muwauze bwino ngati ndi petulo kapena dizilo. Kutsogolo kwa Plettenberg Bay kuli geti lolipira la Tsitsikamma, khalani ndi marandi pang'ono m'manja.

Ndipo ndikuuzeni chimene chingakusangalatseni. Okwera amaona nyanja ndi mapiri pawindo ulendo wonse. Inu mudzaona phula ndi kumbuyo kwa mathiraki. Malo oimawo ndi okhawo amene inuyo mudzaone dzikolo. Ndiye musawatenge ngati chipsinjo chokha, bola akhale ochepa.

Thoko wa ku Cape:
Ndiwonjezere za chitetezo, chifukwa galimoto yodzaza masutikesi a ukwati ndi imene ili pachiopsezo pamalo oonerera. Katundu yense akhale kubuti musananyamuke, ndipo musatsegule buti pamalo oimapo kuti aliyense aone zili m'katimo. Pampando pasatsale chikwama, foni kapena jekete. Mukakiya ndi rimoti, gwirani chitseko kutsimikiza kuti chakiyikadi. Mapasipoti ndi mankhwala a amayi aziyenda nanu m'kachikwama. Pa Sir Lowry's Pass ndi ku Tsitsikamma kuli anyani ozolowera anthu, musawapatse chakudya ndipo mawindo atsekeni. Pa Sir Lowry's pomwepo mukapeza palibe magalimoto ena, kapena kuli chifunga ndi mphepo, ingodutsani.

Wokonda Mapu:
Pa funso logona, ndawerengera. Mukatenga galimoto 8 koloko, mufika ku Hermanus cha m'ma 10. Munyamuke 12 isanakwane. Swellendam cha m'ma 2 koloko, kudya ndi kumwetsa mafuta. Kuchoka apo kukafika ku Mossel Bay ndi makilomita pafupifupi 170, ndiye mufika cha m'ma hafu pasiti 4 kapena 5. Mukagona pamenepo, Lachisanu kwatsala makilomita pafupifupi 370. Mukapitirira mpaka Wilderness muwonjezera pafupifupi ola, mufika kukuda, koma Lachisanu latsala lopepuka. Knysna Lachinayi musaiganizire n'komwe ngati mwadzera ku Hermanus.

Aphunzitsi Opuma:
Agone ku Mossel Bay, m'mawa aone chombo chija, anyamuke. Zatheka zonse.

Namondwe:
Aphunzitsi, akadikira kuti nyumbayo itsegulidwe n'kuzungulira m'katimo, anyamuka cha m'ma hafu pasiti 10. Makilomita 370 pamsewu wodutsa m'matauni ndi maola anayi ndi theka. Onjezani Dolphin Point, chakudya chamasana, Bloukrans ndi Storms River. Afika ku Gqeberha dzuwa likulowa, osatsala ndi mphindi yosungira. Ndi zomwe ndimakana zija.

Aphunzitsi Opuma:
Ndiye achotse china, osati chombocho. Kuonerera anthu akudumpha pamlatho kungapose malo amene mbiri inatembenukira?

Mayi a Mapasa:
Kwa mwana wa zaka 14 kungapose, aphunzitsi, ndipo iye wapempha chinthu chimodzi chokha. Agogo apatsidwa namgumi wawo, mwana apatsidwe mlatho wake. Mukamuchotsera chake n'kumupatsa chimene akulu mwamusankhira, adzakhala pafoni ulendo wonse. Bloukrans ndi mphindi 20 basi, ndipo ili panjira.

Chisomo99:
Nanga mlatho wolendewera wa pamathiriro a Storms River? Amenewo ndiye malo okongola kuposa onse panjira yonseyo, nkhalango kugundana ndi mafunde. Musandiuze kuti nawonso mukuwachotsa.

Thoko wa ku Cape:
Kukongola kwake sindikutsutsa, Chisomo, inenso ndimawakonda kuposa ena onse. Koma ali makilomita pafupifupi 10 kuchoka pa N2, mumalipira pageti chifukwa ndi malo otetezedwa a boma, ndipo kukafika pamlathowo ndi kuyenda pafupifupi kilomita imodzi panjira yamatabwa yokhala ndi masitepe ambiri, kubwereranso chimodzimodzi. Maola awiri osachepera, ndipo amayi sangafikeko. Ngati akufuna kulawa nkhalango ya Tsitsikamma, pafupi ndi N2 pomwepo pali mtengo waukulu umene amangoutcha Big Tree, wa zaka mazanamazana, wotalika mamita opitirira 30. Njira yake ndi yaifupi ndipo ndi yamatabwa. Pamalo a boma oterewa onetsani pasipoti, chifukwa anthu a m'maiko a SADC amalipira mtengo wotsikirapo kusiyana ndi alendo ochokera kutali.

Mlongo Tiya:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Palibe amene wafunsa kuti mubwerera liti. Ngati ndege yanu ndi ya Lolemba, zina mwa zimene mukulimbirana pano zingadikire ukwati utatha, mitima ili pansi. Addo Elephant National Park ili pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Gqeberha. Anaikhazikitsa mu 1931 njovu zitatsala 11 zokha m'deralo, ndipo lero zilipo zoposa 600. Mumayenda ndi galimoto yanu yomwe, amayi osatsika n'komwe. Jeffreys Bay nayo ndi ola limodzi kubwerera m'mbuyo. Ulendo wopita kuukwati musausenzetse zonse.

Nachisale:
Tibwerera Lolemba masana, kunyamukira ku Gqeberha komweko. Za Addo sindinaziganizire, zikomo achemwali. Ndiye kuti galimoto tiisunge mpaka Lolemba?

Wokonda Mapu:
Werengerani bwino musanasaine. Makampani a hayala amawerenga tsiku ngati maola 24 kuchokera pomwe mwatengera. Mwatenga Lachinayi 8 koloko m'mawa, masiku awiri akutha Loweruka 8 koloko m'mawa, nthawi yomwe mudzakhale mukuvala za ukwati. Mukachedwa kubweza ndi maola ochepa amakulipiritsani tsiku lathunthu. Kuisunga mpaka Lolemba n'kukaisiya pabwalo la ndege kungakhale kwanzeru, chifukwa ndalama yosiyira mzinda wina ndi imodzimodzi, ndipo pa tsiku la ukwati simuvutitsa eni ake kuti akunyamuleni. Koma Lolembalo muibweze 8 koloko isanakwane kapena mulembetseretu tsiku lachisanu. Funsaninso za inshuwalansi ya matayala ndi galasi lakutsogolo, nthawi zambiri sizikhala m'gulu la zotetezedwa, ndiponso ngati amalola misewu yafumbi, poti m'kati mwa Addo ina ndi yafumbi. Ine kampani ina inandilipiritsa kachibowo ka pagalasi kamene ndinakapeza kalipo kale, ndiye jambulani galimoto mbali zonse musanatuluke pageti, wantchito wawo akuona.

Bambo a Dalo:
Zamveka. Ine ndi mayi takhala pansi usiku uno ndipo tagwirizana motere. Lachinayi: Hermanus, kudya ku Swellendam, kugona ku Mossel Bay. Sindikufuna kupitirira mpaka Wilderness kukuda. Agulhas ndi Oudtshoorn tazisiya. Lachisanu tinyamuka 8 koloko, Dolphin Point, Bloukrans, Storms River pomwetsa mafuta, ndipo Big Tree pokhapokha tikafika pamenepo 1 koloko isanakwane. Aphunzitsi mutikhululukire, chombo chija tichiona pokhapokha titafika Lachinayi asanatseke.

Aphunzitsi Opuma:
Palibe chokhululukira, mwana wanga, ulendo ndi wanu. Koma ndikupempheni ichi. Ngakhale mutapeza atseka, tsikirani kugombe la Mossel Bay madzulo amenewo, mumuonetse mtsikanayo doko, mumuuze chaka cha 1488 ndi za abusa a ng'ombe aja. Kuderali kulinso mapanga a Pinnacle Point, kumene akatswiri anapeza umboni woti anthu ankadya za m'nyanja zaka zoposa 160,000 zapitazo. Adziwe kuti pagombelo panali anthu kalekale chombo chisanabwere.

Chisomo99:
Nanga Knysna Heads? Mudutsa m'tauni momwemo osakwera kukaona pamene nyanja imalowera pakati pa matanthwe awiri?

Bambo a Yamikani:
Akanyamuka 8 koloko ku Mossel Bay afika ku Knysna cha m'ma 10. Kukwera kuphiri lakum'mawa ndi galimoto, kuona, n'kubwerera pa N2 ndi pafupifupi ola. Nthawi ilipo, koma asankhe pakati pa Heads ndi Big Tree, asatenge zonse. Ine ndikanatenga Heads chifukwa galimoto imafika pafupi ndi poonerera, amayi sayenda kwambiri.

Mayi a Mapasa:
Ine ndikanasiya kuti asankhe tsiku lomwelo poona mmene amayi adzukira. Nachisale, pofuna malo ogona ku Mossel Bay funsani chipinda chapansi. Tauniyo ili pachitunda ndipo nyumba zambiri za alendo zili ndi masitepe. Funsaninso ngati muli chotenthetsera, usiku wa Ogasiti kumeneko si wamasewera kwa munthu wa maondo.

Nachisale:
Ndalemba zonsezo. Funso lomaliza kwa a Thoko: bwanji Lachinayilo kukadzacha ndi mvula yamphamvu? Hermanus tipitebe?

Thoko wa ku Cape:
Yang'anani zanyengo Lachitatu usiku mukangotsika. Ikakhala mvula yowaza yodukizadukiza, pitani, anamgumi amaonekabe ndipo ena amakhala pafupi kwambiri ndi matanthwe. Ikakhala yamphepo yochokera kumpoto chakumadzulo, ija imagwa chopingasa, nyanja imachita thovu paliponse ndipo simusiyanitsa namgumi ndi funde. Zikatero musapatuke pa Bot River, khalani pa N2, mukafika ku Mossel Bay cha m'ma 1 koloko, ndipo chombo cha aphunzitsi muchiona mosathamanga. Amayi muwauziretu kuti mwayi wa namgumi sunathere ku Hermanus. Amaonekanso ku Mossel Bay komweko, pa Dolphin Point, ndi ku Plettenberg Bay komwe mudutse Lachisanu. Ngati mungabwereke zoonera patali kwa wina, nyamulani, ndipo zikhale m'kachikwama ka amayi osati kubuti.